Kupanga filimu ya ngwazi yobwezera ku Mzuzu potengera luso la mafilimu a Chitamil

Mafilimu a Chitamil a munthu wotenga lamulo m'manja mwake amakoka anthu chifukwa cha mlandu umene ngwaziyo ikulanga. Ndewu zimabwera pambuyo. Opanga mafilimu a ku Kodambakkam, dera la mumzinda wa Chennai ku India komwe kuli chimake cha mafilimu a chiyankhulochi, amayamba n'kufufuza chinthu chowawa aliyense amene adzakhale mu holo, wogulitsa tiyi ndi mphunzitsi omwe. Gulu la ojambula la kuno ku Mzuzu silingafike pa ndalama zawo, koma njira yawoyo ingatheke ndi kamera imodzi, maikolofoni yabwino ndi anthu 15 omvana.

Yambani ndi dandaulo

Mu filimu ya Indian ya 1996, imene anatsogolera S. Shankar, Kamal Haasan anasewera mbali ziwiri: nkhalamba Senapathy amene anamenyera nawo ufulu wa dziko, ndi mwana wake Chandru. Nkhalambayo imapha anthu a m'maofesi olandira ziphuphu chifukwa mwana wake wamkazi anamwalira ndi mabala a moto, dokotala atakana kumuthandiza popanda kangachepe. Pamapeto imapha ndi mwana wake wamwamuna yemwe, amene anapereka chiphaso kwa basi ya mabuleki akufa, basiyo n'kuphetsa ana asukulu. Mu Ramanaa ya 2002, ya A. R. Murugadoss, Vijayakanth akusewera mbali ya mphunzitsi wa pakoleji amene wasonkhanitsa ophunzira ake akale kuti azilanga akatangale. Chigawo chimene anthu amachikumbukira kwambiri mu filimuyi chilibe nkhonya ngakhale imodzi: akubweretsa mtembo ku chipatala cholipira, madokotala n'kumanamizira kuti akuuchiza kuti adye ndalama. Mu Anniyan ya 2005, yomwenso ndi ya Shankar, milandu yake ndi yooneka yaing'ono. Wina amaphikira anthu chakudya choipa m'sitima, wina wakana kuimitsa galimoto kuti anyamule munthu wovulala pangozi.

Zonsezi ndi zinthu zimene woonera anakumana nazo yekha pamzere wa ku ofesi kapena pabenchi la ku chipatala. Inunso sankhani dandaulo limodzi lotere, limodzi lokha. Kuno lingakhale puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu atatu, mankhwala osowa m'chipatala koma opezeka m'magolosale, minibasi ya matayala osalala imene ikudutsabe pa rodibuloko, kapena ganyu wa pa ntchito yomanga amene wagwira miyezi itatu osalandira kanthu. Musanalembe tsamba loyamba, lifotokozeni dandaulolo m'ziganizo ziwiri kwa anthu 10 osiyana: wakabaza wa ku Chibavi, mayi wa pa msika wa Vigwagwa, wophunzira wa ku Luwinga. Akayamba kukusimbirani nkhani zawo zofanana nalo musanamalize, mwapeza filimu. Akangoti "chabwino ndithu" n'kukhala chete, sakani lina.

Ofesi, chipatala, kampani ndi munthu aliyense woipa mu nkhani yanu akhale opeka, ndipo dzina lake lisayandikire la weniweni. Chikwangwani chenicheni chisaoneke kumbuyo kwa munthu wolandira chiphuphu. Mlandu woipitsa mbiri ya munthu ungathe kuimitsa filimu imene mwaivutikira chaka chathunthu.

Kasanjidwe ka nkhani

Tsamba limodzi la sewero lolembedwa bwino limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Indian ndi Anniyan zonse zimatenga pafupifupi maola atatu, koma kumeneko kuli nyimbo zovina, mbali za nthabwala, ndi nthawi yopuma pakati imene maholo a ku India anaizolowera. Inu lembani masamba 90 mpaka 100. Kupitirira apo ndalama zidzatha filimu ili pakati.

Mu masamba 10 oyamba woonera aone choipacho chikuchitikira munthu wamba, ngwazi isanaoneke n'komwe. Chilango choyamba chifike pofika tsamba 20, koma nkhope ya wolangayo ibisike. Lowetsani wapolisi wanzeru amene akumusaka. Wapolisi wopusa amapha filimu, chifukwa ngwazi imene ikuthamangitsidwa ndi chitsiru palibe amene amaidera nkhawa. Pakati penipeni, cha pa tsamba 45 kapena 50, ikani chinthu chimene chikutembenuza nkhani yonse. Atamil amachisamala kwambiri chigawo chimenechi chifukwa ndi chimene anthu amakambirana akatuluka panja kukagula zakumwa. Kawirikawiri ndi pamene woonera amadziwa kuti munthu wofatsa uja ndiye wakuphayo, kapena kuti mdani weniweni ndi wa m'banja momwemo.

Mbiri ya bala la ngwazi, yoti chinamuchitikira n'chiyani kuti afike apa, isungeni mpaka gawo lachiwiri, ndipo isapitirire masamba 12. Ambiri amalakwitsa poiika koyambirira. Akatero woonera amadziwa zonse pa mphindi 15, zotsalazo n'kungodikira kuti oipawo afe mmodzimmodzi. Mu Anniyan, imfa ya mchemwali wake wa ngwazi, amene anagwidwa ndi magetsi ali mwana chifukwa cha kusasamala kwa ogwira ntchito, imaululika nkhani itapita patali, ndiye imapweteka kwambiri.

Ndewu zikhale zinayi basi, ndipo iliyonse ikhale ndi chifukwa chake, malo ake ndi chida chake. Yoyamba yaifupi, masekondi 40. Yomaliza isapitirire mphindi 4.

Ngwazi ipatseni chizindikiro chimodzi. Senapathy amamenya ndi zala pa mitsempha, luso lakale la ku Tamil Nadu lotchedwa varma kalai. Wa mu Anniyan, amene Vikram anamusewera ngati munthu mmodzi wa umunthu utatu, amatenga zilango zake m'buku lachipembedzo la Garuda Purana. Zonsezi zinachokera kwawo konko. Yanu isakhale karate yobwereka. Ikhoza kukhala munthu wodziwa legeni, wocheka matabwa wa ku Chikangawa wodziwa zingwe ndi mitengo, kapena makaniko amene chida chake ndi sipanala. Ngati nkhani ikufuna kuti mnyamata asanduke nkhalamba, lingalirani kawiri. Opanga Indian anachita kuitanitsa Michael Westmore wa ku Hollywood kuti akonze nkhope ya Kamal Haasan. Ndevu za thonje ndi ufa m'tsitsi zimaoneka msanga pa kamera za masiku ano, ndipo anthu akaseka pamalo olira simungawabwezenso. Pezani munthu wachikulire weniweni.

Nyengo, malo ndi zilolezo

Mzuzu ndi wa mvula ndi nkhungu. Mvula imatha mochedwa kuno, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira ndi kuwaza mosayembekezereka. Ndewu imodzi imajambulidwa masiku awiri kapena atatu, ndiye tsiku loyamba likakhala la dzuwa, lachiwiri la mitambo, zithunzizo sizidzalumikizana. Zakunja zonse ziikeni pakati pa Ogasiti ndi Okutobala. Tsiku lililonse lojambula panja mukhale ndi chigawo china cha m'nyumba chokonzeka kale, kuti kukada musabalalitse anthu amene mwawalipirira kale thiransipoti ndi nkhomaliro. Nkhungu ya m'mawa ija ndi mphatso pa chigawo choonetsa ngwazi koyamba, koma imachoka msanga dzuwa likakwera. Fikani pamalo 5 koloko, zonse mutayeserera dzulo lake.

Lemberani kalata khonsolo ya mzinda ndi apolisi masabata awiri musanayambe, yotchula tsiku, malo, nthawi ndi zida zonamizira zimene mudzakhale nazo. Kumsika lankhulani ndi tcheyamani, kumalokeshoni ndi mablokulida. Ichi si mwambo chabe. Munthu akathamanga pa msika atanyamula chikwanje, ena akukuwa "wakuba!", anthu odutsa sadziwa kuti ndi sewero, ndipo wosewera wanu akhoza kumenyedwa zenizeni kamera isanazime. Ikani anthu anayi ovala zonyezimira m'makona onse a malowo, mawu okuwa aja mudzawalowetse pambuyo pa kompyuta. Yunifolomu ya apolisi sokani yanu ya mtundu wina ndi baji yopeka. Droni musaiulutse popanda chilolezo cha oyang'anira za ndege, makamaka poti bwalo la ndege la Mzuzu lili m'kati mwenimweni mwa tawuni.

Magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho kamera ikhale pa mafelemu (zithunzi) 25 pa sekondi ndi shata (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse) ya 1/50 ya sekondi. Mukaisiya pa 30 kapena 60, monga mafoni ambiri amabwerera, mababu adzaoneka akuphethira ndipo kukonza kwake n'kovuta. Jenereta ikhale mamita 50 kapena kuposa kuchoka pa maikolofoni, kuseri kwa khoma. Kujambula 4K pa 100 Mbps kumadya pafupifupi 45 GB pa ola, ndiye werengerani makhadi mokwanira. Madzulo aliwonse kopani zonse pa mahadi diraivi awiri, ndipo asagone m'nyumba imodzi.

Kujambula ndewu

Ku Chennai ndewu siitsogoleredwa ndi dailekita. Ili ndi mwini wake, katswiri amene amabwera ndi gulu lake la anyamata odziwa kugwa, monga Peter Hein amene anakonza ndewu za mu Anniyan. Inunso sankhani munthu mmodzi, mwina mphunzitsi wa karate, taekwondo kapena nkhonya, ndipo pa tsiku la ndewu mawu ake akhale omaliza. Iye akati "imani", aliyense aime, ngakhale dzuwa likulowa. Musankhe wodekha. Katswiri wofuna kuonetsa mphamvu zake ndi amene amavulaza anzake.

Nkhonya ya mu filimu siifika pa munthu. Imadutsa masentimita 20 mpaka 30 kutsogolo kwa nkhope. Chimene chimanamiza diso ndi pamene kamera yaima. Ikani kamera kumbuyo kwa phewa la womenya kapena la womenyedwa, kuti chibakera chidutse pakati pa lenzi ndi nkhope n'kubisa mpata uja. Mukajambula cham'mbali, mpatawo udzaoneka poyera. Lenzi yaitali, ya 50 mpaka 85 mm, imaonetsa anthu ngati ayandikana kuposa mmene alili, ndiye imathandiza kwambiri. Lenzi yotambalala imachita zosiyana, imakulitsa mpata. Pa foni gwiritsani 2x kapena 3x, mubwerere m'mbuyo.

Amene amagulitsa nkhonya kwa woonera ndi womenyedwayo. Mutu utembenukire mbali imene chibakera chikupita, pa nthawi yeniyeni imene chikudutsa, mapewa atsatire, kenako miyendo. Akafulumira ndi kachigawo kochepa ka sekondi, zimaoneka ngati akuzinda. Akachedwa, zimaoneka zachibwana. N'chifukwa chake anyamata osewera mbali za zigawenga amafunika kuyeserera nthawi yaitali kuposa ngwazi. Womenya ayang'ane mnzake m'maso asanayambe, akokere mkono m'mbuyo mooneka kuti mnzakeyo ndi woonera adziwe chimene chikubwera, ndipo mkono usaongoke mpaka kumapeto. Nkhonya za m'mimba zokha ndi zimene zingakhudze, mopepuka, womenyedwayo atamanga siponji yokhuthala masentimita 3 m'kati mwa malaya.

Gawani ndewu m'tizidutswa ta mayendedwe atatu mpaka asanu. Chidutswa chilichonse yesererani pang'onopang'ono kwambiri mukuwerenga mokweza, kenako pa theka la liwiro, ndipo pojambula musapitirire magawo atatu mwa anayi a liwiro lenileni. Kufulumira kwake kudzabwera pa kompyuta. Ndewu ya mphindi 2 imafuna zithunzi 40 mpaka 60, ndipo gulu laling'ono limakwanitsa 20 kapena 25 pa tsiku. Sabata imodzi musanapite pamalo, jambulani ndewu yonse ndi foni pabwalo, muilumikize mwachangu. Pamenepo mudzaona zimene sizikugwira musanawononge tsiku lolipira.

Yambani ndi chithunzi chimodzi chotambalala choonetsa malo onse, kuti woonera adziwe kuti khomo lili kuti, adani ndi angati, ngwazi yatsekeredwa pati. Kenako jambulani mzere m'maganizo pakati pa omenyanawo, kamera isaoloke mzerewo. Ngwazi ikakhala kumanzere kwa chithunzi, ikhalebe kumanzere mpaka itasuntha woonera akuona. Mukaoloka, anthu amasokonezeka kuti akumenya ndani. Vuto lina lofala ndi la adani oima podikira nthawi yawo. Apatseni chochita: wina akudzuka, wina akusaka chida, wina watchingidwa ndi tebulo, kapena angotuluka m'chithunzi.

Mafilimu a Chitamil amadziwika ndi anthu ouluka akamenyedwa. Kumeneko amagwiritsa zingwe zachitsulo, malamba apadera a m'chiuno ndi anthu ophunzitsidwa kukoka, zingwezo n'kudzazifufuta pa kompyuta. Musayese zimenezi ndi chingwe cha pa msika chomangirira pa nthambi. Mphamvu yomweyo ingaoneke mwa njira ina. Kamera ikhale pansi, m'mawondo, ikuyang'ana m'mwamba. Womenyedwa adumphe chagada kuchoka pa benchi yosaoneka m'chithunzi, agwere pa matiresi awiri a mainchesi 6 oyalidwa pamwamba pa makatoni opanda kanthu, otsekedwa ndi tepi ndi kumangidwa pamodzi. Makatoniwo amaphwanyika n'kumwa mphamvu ya kugwa, choncho akagwiritsidwa kamodzi asinthidwe. Dulani pamenepo, chithunzi chotsatira chionetse munthuyo akugubuduka pansi kuchokera chogwada. Wogwa aike chibwano pachifuwa, atulutse mpweya, asatsogoze manja. Kugwa kopitirira mita imodzi ndi theka kusiyeni ngati mulibe munthu amene anaphunzira ntchitoyi.

Fumbi ndi limene limaonetsa kuti nkhonya yafika. Wazani paudala wa ana pang'ono pa phewa la jekete kapena pa nsapato ya womenya, kuwala kuchokere kumbuyo kwa osewera, fumbilo lidzaoneka likuphulika. Dzuwa la pakati pa 4 ndi 5 koloko madzulo ndi labwino pa zimenezi. Zithunzi zoyenda pang'onopang'ono, zojambulidwa pa mafelemu 50 kapena 100, zisungireni nkhonya imodzi kapena ziwiri pa ndewu yonse. Zikachuluka ndewu imalemera, komanso zimaulula mpata uja pakati pa chibakera ndi nkhope.

Pamalo pakhale bokosi la chithandizo choyamba, madzi oundana, galimoto yokhala ndi mafuta ndi dalaivala amene sakuchita china chilichonse. Wamwa mowa asalowe mu ndewu. Anthu akatopa, cha kumapeto kwa tsiku, ndi pamene zibakera zimayamba kufika zenizeni, ndiye zovuta kwambiri zijambuleni m'mawa.

Zida, magazi ndi galasi

Chida chilichonse chikhale pawiri: chenicheni chongoonetsa pafupi munthu ataima, ndi chonamizira chomenyera. Chikwanje chekani pa pulayiwudi yopyapyala kapena pa labala, mupake penti ya siliva ndi dothi pang'ono. Chitsulo chomenyera chipangeni ndi siponji yokutira mapaipi, mulowetse kamtengo kopepuka m'kati, mupake penti yakuda ndi yofiirira. Chenichenicho chikatha ntchito, munthu mmodzi achitsekere m'galimoto kuti wina asachitole molakwitsa. Mfuti yeniyeni isafike pamalo ngakhale ilibe zipolopolo. Moto wa pakamwa pa mfuti ndi kulira kwake ndi za pa kompyuta.

Magazi: golden syrup 250 ml, supuni yaikulu imodzi ya kala yofiira ya makeke, supuni yaing'ono imodzi ya koko, ndi kadontho kamodzi ka kala ya buluu. Koko ndi buluu zimachotsa kufiira kowala kooneka ngati juwisi. Ofuna kuyenderera muwasungunule ndi masupuni awiri a madzi ofunda. Awa ndi otetezeka m'kamwa koma asalowe m'maso. Amathimbiriritsa nsalu, choncho malaya a ngwazi gulani atatu ofanana pa kaunjika kapena musoketse: oyera, a pakati pa ndewu, ndi a kumapeto. Jambulani ndi foni bala lililonse musanaweruke, kuti mawa lisasamukire tsaya lina.

Galasi lophwanya limapangidwa ndi shuga: makapu atatu ndi theka a shuga woyera, makapu awiri a madzi, kapu imodzi ya glucose syrup, kuwiritsa mpaka madigiri 150, n'kuthira pa thireyi yopaka mafuta. Madziwo amaotcha koopsa, ana asayandikire. Chinyontho cha Mzuzu chimalinyowetsa msanga galasili n'kuyamba kumata ndi kupindika, ndiye lipangeni usiku woti mawa mujambula, mulisunge mopanda mpweya. Botolo lenileni lisaphwanyidwe pa mutu wa munthu, ngakhale atavala chipewa.

Mawu ndi nyimbo

Mafilimu ambiri a Chitamil amalowetsa mawu a osewera pambuyo, mu situdiyo. Kwa inu njira yabwino ndi yapakati. Zokambirana za m'nyumba jambulani pomwepo, maikolofoni ili pa ndodo masentimita 30 mpaka 50 pamwamba pa mutu, pa 48 kHz, mawu okwera kwambiri asapitirire -6 dB. Za pa msika, pa depoti ndi za mu ndewu mudzazibwereze m'chipinda chotchinga ndi mabulangete, wosewera akuonera chithunzi chake. Malo aliwonse jambulani mphindi imodzi ya phokoso la pamalopo anthu ali chete, yodzatsekera mipata. Denga la malata mvula ikayamba, imani, palibe pulogalamu imene idzachotse phokosolo bwinobwino.

Anthu a mu filimu alankhule monga a mu Mzuzu amalankhulira. Kondakitala ayambe Chichewa n'kumalizira Chitumbuka, agogo ayankhe m'Chitumbuka chokha, wa ku Nkhata Bay amveke Chitonga chake. Mawu olembedwa m'munsi adzathandiza oonera a ku Lilongwe ndi Blantyre.

Kulira kwa nkhonya kumapangidwa ndi zigawo zitatu zosanjikiza: kamphepo ka mkono, kochokera ku kandodo kokupizidwa pafupi ndi maikolofoni, kugunda, kochokera ku kabichi womenyedwa ndi chibakera kapena thaulo lonyowa lomenyetsa pa tebulo, ndi kubuula kwa womenyedwa. Fupa lothyoka ndi chinangwa chachiwisi kapena nzimbe yothyoledwa. Pangani mitundu 10 kapena kuposa, chifukwa nkhonya zonse zikamalira chimodzimodzi khutu limazindikira msanga.

Nyimbo za Indian anapeka A. R. Rahman, za Anniyan Harris Jayaraj, ndipo ku Tamil Nadu nyimbo zimatulutsidwa pa mwambo wakewake filimu isanatuluke, kuti anthu afike ku holo akuziimba kale. Tengerani nzeru imeneyo. Pezani woimba wa kuno apeke kanyimbo kafupi ka ngwazi, ka masekondi 10 mpaka 15, kobwera nthawi iliyonse imene ikuonekera. Ng'oma za vimbuza kapena za malipenga zili ndi mphamvu yokwanira. Gwirizanani polemba kuti nyimboyo mwini wake ndani, ndipo za umwini funsani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Nyimbo yotengedwa mu filimu ya ku India idzachititsa kuti YouTube itseke filimu yanu kapena ndalama zake zipite kwa eni nyimboyo.

Kulumikiza pa kompyuta

Pulogalamu yolumikizira mafilimu ya DaVinci Resolve yaulere ndi yokwanira. Kompyuta ikakhala yofooka pangani makope opepuka ogwirira ntchito. Pa nkhonya iliyonse chotsani felemu imodzi kapena ziwiri chibakera chitangotsala pang'ono kufika, kugundako kudzaoneka kwadzidzidzi. Liwiro likwezeni ndi 8 mpaka 12 peresenti, kupitirira apo anthu amayenda ngati zidole. Mukamaliza kudula koyamba, onetsani anthu 15 amene sanagwire nawo ntchitoyi ndipo si abale anu. Khalani kumbuyo, mulembe mphindi iliyonse imene wina watulutsa foni. Pamenepo ndi podula.

Kuunikidwa ndi kulandiridwa

Ku India filimu iliyonse imadutsa ku bungwe lounika mafilimu la Central Board of Film Certification isanalowe mu holo. Kuno imadutsa ku Censorship Board, pansi pa lamulo la 1968 loona za zisangalalo. Pitani nayo nthawi ikadalipo, tsiku loonetsa musanalilengeze, ndipo sungani kope lina lochepa magazi lopita ku wailesi ya kanema.

Mbiri ya mafilimuwa ikuonetsa mbali zonse ziwiri. Indian inapatsa Kamal Haasan mphoto ya dziko lonse ya wosewera wopambana ndipo India inaitumiza ku mpikisano wa Oscar. Ramanaa inapangidwanso m'Chitelugu ndi m'Chihindi, umboni woti dandaulo lake linali la dziko lonse. Mersal ya 2017, ya dailekita Atlee ndi wosewera Vijay, yokamba za katangale wa m'zipatala, inakwiyitsa atsogoleri ena a BJP, chipani chimene chinkalamula India, chifukwa cha mawu odzudzula msonkho wa pa malonda wa GST, ndipo phokosolo linangowonjezera oonera. Koma Indian 2 ya 2024, ya dailekita yemweyo ndi wosewera yemweyo, ndalama zambirimbiri zitalowa, anthu anaidandaula kuti ndi yaitali ndipo sikugwira mtima, mpaka eni ake anaidulako itatuluka kale. Nkhalambayo inali ikulangabe akatangale, koma bala lake la m'banja limene linaliritsa anthu mu 1996 munalibe.

Pali chinthu china chimene wopanga filimu yotere m'Malawi sayenera kuchithawa. Kuno anthu amaphedwadi ndi magulu okwiya, ena pongowaganizira kuba, agogo ena ponamiziridwa ufiti. Filimu yanu idzaonedwa m'mavidiyo a ku Mchengautuwa ndi Zolozolo, mmene ana amadzaza mabenchi akutsogolo. Opanga mafilimu a Chitamil abwino aja amailipiritsa ngwazi: Senapathy anapha mwana wake ndi dzanja lake lomwe, mphunzitsi wa mu Ramanaa uja anadzipereka n'kuweruzidwa kuti aphedwe. Yanunso ilipire. Ikani chigawo chimene yatsala pang'ono kulanga munthu wosalakwa, kapena yamulangadi. Musaonetse gulu likuotcha munthu nyimbo yachipambano ikulira, ndipo musaonetse mwatsatanetsatane njira imene mwana angakaitsanzire kuseri kwa nyumba.

Ku Tamil Nadu mafilimu akuluakulu amatuluka pa zikondwerero za Pongal mu Januwale ndi Deepavali, anthu ali ndi ndalama ndi nthawi, ndipo okonda wosewera amafika m'mamawa pa chionetsero choyamba ndi ng'oma, n'kuthira mkaka pa zithunzi zake zikuluzikulu. Kuno nthawi yofanana nayo ndi mapeto a mwezi, miyezi yokolola, kapena Khirisimasi, ndipo muonetsetse kuti ophunzira a m'makoleji ali pasukulu. Kutatsala masabata anayi tulutsani nyimbo, kutatsala atatu kalavani (kanema wamfupi wotsatsa filimu) ya masekondi 60 mpaka 90, yopepuka yosapitirira 10 MB kuti iyende pa WhatsApp. Kalavaniyo ionetse dandaulo ndi nkhonya imodzi yokha, nkhope ya ngwazi ibisike. Holo yesani dzulo lake ndi pulojekita ndi masipika omwewo, jenereta ili pambali. Onetsani mu holo ku Mzuzu, Karonga, Lilongwe ndi Blantyre fayilo isanachoke m'manja mwanu, chifukwa ikangofika kwa oika mafilimu m'mamemori khadi, pakutha sabata ili paliponse ndipo ndalama za pakhomo zatha. Kope lililonse lopita kwa wailesi, kwa ounika kapena kwa wothandiza ndi ndalama liikeni chizindikiro chakechake pakona ya chithunzi, kuti likatuluka mudziwe kuti ladzera kwa yani.